Ufa wa ku Moatize

Bernardina anagula chimanga matumba awiri pamsika wa Moatize n'kukagayitsa tsiku lomwelo, ndipo pochoka pachigayo, nsidze zili mbuu ndi ufa, ankadzimva kuti wachita chanzeru kuposa munthu aliyense m'chigawo chonse cha Tete. Tisamuseke msanga mayiyu. Munthu amene ali ndi mlandu kwawo amafuna kulowa pakhomo atasenza kanthu kolemera, kuti anthu ayang'ane katunduyo asanayang'ane nkhope yake.

Chinali chaka cha 1995, nkhondo itatha zaka zitatu. Uthenga unabwera ndi Basílio, woyendetsa kamiyau, lole yonyamula katundu, pamsewu wa Zóbuè, ndipo kakalatako sikanalembedwere Bernardina ayi. Mkulu wake Ermelinda, amene kwawo ankamutchula kuti Mana Linda, analembera Cândido, mwamuna wa Bernardina, amene ankagwira ntchito yokonza njanji za sitima ya malasha. "Alamu," kanatero kakalatako, "uzani akazi anu kuti chiliza cha amayi tidzamanga Loweruka lachiwiri la mwezi wa Agosto. Afike Lolemba ngati angathe." Basi. Moni kwa mng'ono wake munalibemo, ngakhale wa chala chimodzi.

Bernardina anadziwa chifukwa chake. Mu 1986, mfuti zitafika kumudzi kwawo kuseri kwa phiri la Zóbuè, iye anabereka khanda lake n'kuthawira ku Mwanza pamodzi ndi anthu ena. Mayi awo, Anambewe, miyendo inali itatupa ndipo maso anali atachita khungu, moti sakanatha kuyenda. Ermelinda ndiye anatsala nawo. Anawabisa m'chisakasa kumapiri miyezi khumi, mpaka anawaika m'manda yekha, ndi khasu lopanda mpini wabwino. Mtendere utabwera abale awiriwa anaonana kawiri, pamaliro a anthu ena, ndipo kawiri konseko Ermelinda anapereka moni wa manja awiri, waulemu wonse, wonga wopatsa mlendo wongodutsa. Za mayi awo sanatchulepo kanthu. Bernardina akanakonda kutukwanidwa kusiyana ndi ulemu umenewo. Chimene ankafuna paulendowu chinali chimodzi chokha: kuti mkulu wake amulankhule monga mng'ono wake, ngakhale momukalipira.

"Lolemba akukuitaniranilo ndi la mtondo," anatero Cândido atawerenga kakalatako. "Kukonola, kuviika, kutibula, sabata yonse. Msana wanu uja upirira?"

"Ndiye n'chifukwa chake ndigayitsa konkuno," anayankha Bernardina. "Mana Linda avutika mokwana. Apumeko."

Cândido anavomereza kuti ndi nzeru. Iye anali mwamuna wabwino, koma za pamtondo ankazidziwa monga mmene nkhuku imadziwira za njanji.

M'chapa, minibasi ya kumeneko, matumba ake ali padenga, Bernardina anaona milambe ndi masau za ku Moatize zikutsalira m'mbuyo, msewu n'kuyamba kukwera, kamphepo kozizira n'kulowa pazenera. Kamphepoko kanamubweretsera mayi ake. Anambewe sanali mayi wofatsa, ndipo amene amati anali wofatsa sanakhalepo nawo pamtondo. Anali ndi khutu loopsa. Ankatha kukhala m'nyumba akusenda nyemba, n'kumva munsi ukugunda kutsidya kwa mtsinje, n'kunena kuti, "Ameneyo ndi Dionísia, ndipo wayambana ndi mwamuna wake." Ukapita kukafufuza, unkapeza zilidi choncho. Mawu a mkazi aliyense m'mudzimo ankawadziwa ngakhale akazi khumi aziimba pamodzi.

Pakhomo pawo nyimbo inkayenda patatu. Anambewe ankaponya funso, Bernardina n'kulilandira m'mwamba ndi mawu ake opyapyala, kenaka Ermelinda n'kutseka pansi ndi mawu ake aakulu otulukira m'mphuno, amene nthawi zonse ankalowa mochedwa pang'ono. "Linda amalowa m'nyimbo ngati ng'ombe yomaliza kulowa m'khola," ankatero mayi awo, "iyambe yanunkhiza pakhomo." Nyimbo imene ankaikonda kwambiri inabadwa tsiku lina Bernardina ataiwala lichero panja:

Ndani wasiya lichero pamvula?
Si ine, amayi, ndi mphepo.
Mphepo ilibe manja, de.

Akazi ena onse ankavomera kuti "yowe, de," aliyense n'kumaponyamo zake, wina za apongozi, wina za mbuzi ya mnansi, mpaka nyimbo ya lichero inkafika madzulo itasanduka nyimbo ya mudzi wonse. Ku Mwanza kunalibe zimenezi, chifukwa ufa unkabwera m'matumba, wachikasu, wosadziwika amene anausinja. Ku Moatize anansi ake ankasinja mapira akuimba m'Chinyungwe, iye n'kumangomvetsera kuseri kwa mpanda, osadziwa polowera. Zaka zisanu ndi zinayi zinali zitadutsa asanaimbe pamtondo, ndipo m'chapamo anazindikira kuti walisowa phokoso limenelo kuposa mmene ankaganizira.

Anafika dzuwa litapendeka, anyamata awiri a njinga akumukankhira matumba kuchokera kumsewu. Pabwalo la Ermelinda panali mitondo isanu ndi umodzi itandandalikidwa pansi pa mtengo wa mango. Isanu inali yobwereka, pakuti mitondo yambiri inapsa pankhondo. Wachisanu ndi chimodzi, wakuda, wong'aluka pang'ono pamlomo, unali wa Anambewe, umene Ermelinda anaukwirira m'chigwembe asilikali asanafike. Madengu a chimanga chotongola anali pakhonde. Akazi oposa khumi anakhala pamphasa, mipango itamangidwa kale m'chiuno, akudikira iyeyo kuti ntchito iyambe m'mawa mwake.

Analandiridwa ndi nthungululu. Kenaka Bernardina, mtima uli m'mwamba, anamasula thumba limodzi n'kutapa ufa m'manja.

"Mana, ndabweretsa wogayitsa kale. Woyera bwino. Musavutikenso ndi mtondo."

Nthungululu zija zinazima ngati moto wothiridwa madzi. Ermelinda, wamtali, wouma thupi, imvi zitayamba m'mbali mwa mpango, anayang'ana ufawo nthawi yaitali. Kenaka anawomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo kwambiri, adona. Mwatithandiza. Alowetseni m'nyumba matumbawo."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Akazi aja anadzuka mmodzimmodzi, aliyense akupeza chifukwa chake, uyu mbuzi, uyu mwana wodwala. Eni mitondo anaigoneka n'kuyamba kuigubuduza kubwerera nayo kwawo. Bernardina anaima pabwalopo, ufa uli m'manja, akumva mitondo isanu ikugudubuzika m'njira zisanu. Anadziwa kuti walakwa, koma sanadziwe kuti walakwa chiyani.

Anatsala ndi Dionísia yekha, mnzawo wa malemu mayi ake, kamayi kakafupi kosowa mano akutsogolo, kamene sikanaphunzirepo kuzungulira nkhani.

"Iwe Dina, ku Moatize kumene ukukhalako malasha anakulowa m'mutu?"

"Ndalakwanji, amayi? Ndimati ndiwapeputse."

"Kuwapeputsa! Ukuganiza kuti mudzi uno tasowa ufa? Chigayo chili pa Zóbuè pompa, ifenso njira yake timaidziwa. Mkulu wako wayenda midzi itatu kubwereka mitondo. Chaka chonse wakhala akung'ung'udza nyimbo kumunda, ife tikumumva. Ali ndi mawu ako, mwana iwe, ndipo pakamwa pake sangawatulutse atakhala pampando. Mwana wa Anambewe ameneyo. Akanawaimba pamtondo, iwe n'kuyankha pamtondo, ife n'kuvomera, nkhani n'kutayidwa limodzi ndi gaga. Ndiye iwe wabwera ndi matumba ako kudzamutseka pakamwa."

Apa m'pamene Bernardina anakumbukira chimene mwana wamkazi aliyense wa m'mudzimo ankachidziwa asanamere mawere. Mawu oimbidwa pamtondo sankapita nawo kubwalo la milandu, ndipo woimbidwayo sankaloledwa kukwiya kapena kuchokapo. Ankayenera kuyankha pomwepo, munsi usanagwe kanayi. Iye anali ataiwala zimenezi, ndipo manyazi anamugwira.

"Nanga nditani tsopano?"

"Ine ndidziwa bwanji? Ufa wabweretsa, udyedwa. Ukafunse chigayo chako." Dionísia anakukuta fodya wake n'kumapita.

M'mawa mwake, dzuwa litangotuluka, mame akadali paudzu, Bernardina anakokera mtondo wa mayi ake pakati pa bwalo. Anatapa chimanga m'dengu, anawaza madzi, n'kunyamula munsi. Unali wolemera kuposa mmene ankaukumbukira. Kugunda koyamba chimanga chinathawira panja, nkhuku n'kuthamangira. Anatola, n'kuyambanso. Chitseko cha Ermelinda chinali chotseka, ngakhale utsi unkatuluka padenga.

Atapeza kayendedwe ka munsi, anatsegula pakamwa. Mawu anatuluka okhakhala ngati chitseko chadzimbiri. Anaponya funso la mayi ake yekha, anayankha yekha mbali yake, n'kusiya mpata wa Ermelinda. Mumpatamo munangomveka munsi, du, du. Anabwerezanso. Du, du. Kachisanu, matuza anali atatuluka m'manja, ndipo tambala yekha ndiye ankamuyankha. Kunena zoona, nyimbo ya anthu atatu ikamaimbidwa ndi munthu mmodzi imamvetsa chisoni kuposa kulira, ndipo mudzi wonse unkaimva, chifukwa kumapiri kuja munsi umamveka kutali.

Woyamba kufika anali Dionísia, akukoka munsi wake pansi. Anangokhala pakhonde n'kuvomera kuti "yowe, de" pamalo pake. Kenaka kunamveka kugudubuzika m'njira ya kumtsinje, kenaka m'njira ya kutchalitchi. Mitondo inabwerera umodziumodzi. Posakhalitsa minsi inali kugunda ponseponse, malichero akupeta, ndipo akazi ankavomera mwamphamvu, koma mpata wa Ermelinda palibe anaulowa. Ukafika, onse ankangoti chete, minsi yokha n'kumalankhula.

Chitseko chinatseguka. Ermelinda anatuluka atamanga kapulana, chitenje chake chakale, m'chiuno, munsi uli m'manja. Sanapite pamtondo wopanda munthu. Anabwera pamtondo wa mayi awo, n'kuima moyang'anizana ndi mng'ono wake. Minsi iwiri mumtondo umodzi imafuna anthu omvana, chifukwa wina akachedwa kukweza, mnzake amamuphwanya zala. Bernardina anakweza, Ermelinda anatsitsa. Ermelinda anakweza, Bernardina anatsitsa. Matupi awo anali asanaiwale.

Ndipo Ermelinda anaponya, ndi nyimbo yomwe ija, maso ali mumtondo:

Ndani wasiya mayi pamvula?

Minsi ina yonse inafooka. Bernardina anamva yankho lake lakale likubwera lokha palilime, lija loti si ine, ndi mphepo. Likanakwana bwinobwino, ndipo silikanakhala bodza lenileni, pakuti nkhondo inalidi mphepo imene inamwaza anthu. Munsi unagwa kamodzi, kawiri, katatu.

Ndine, mana, si mphepo.

"Yowe, de," anavomera akazi, motsitsa. Ermelinda ankaoneka kuti anakonzekera kukangana, ndipo yankholo linamulanda ndodo. Koma nyimbo imene anaisunga chaka chonse sikanabwerera m'mimba. Anaitulutsa mzere ndi mzere, akazi akuvomera pakati:

Miyezi khumi ndinawabereka,
kuphiri kosagunda munsi.
Ankaponya nyimbo monong'ona,
n'kudikira Dina awayankhe.
Ine n'kupyapyalitsa mawu angawa,
n'kuyankha ngati ndine Dina.
Tsiku lomaliza anandigwira dzanja,
anati zikomo, mwana wanga.
Zikomo ameneyo ndi wa Dina,
wa Linda anapita naye kumanda.

Tsopano Bernardina anamvetsa. Iye ankaganiza kuti mlandu wake ndi wothawa, koma bala la mkulu wake linali lina. Kuphiri kuja kusinja kunali koletsedwa, poopa kuti asilikali angamve, ndipo mayi wosaonayo ankaimba chapansipansi m'chisakasa, akusiya mpata wa mwana amene kunalibe. Ermelinda, pomvera chisoni mayi ake, ankadzisandutsa Dina. Ndipo zaka zisanu ndi zitatu anakhala akukhulupirira kuti mayi ake anafa akuthokoza wothawa, iye wowasambitsa ndi kuwadyetsa osalandira kalikonse.

Ayankhe chiyani? Kupepesa sikukanabweza zikomo ameneyo. Munsi unagwa kamodzi. Matuza anali ataphulika, mpini ukuterera. Kawiri. Anayang'ana mlomo wong'aluka wa mtondo, n'kuona mayi ake ali m'nyumba akusenda nyemba, khutu lili kutsidya kwa mtsinje. Katatu.

Imbani mmene munkaimbira, mana,
timumve Dina wa kuphiri.

Ermelinda anamuyang'ana koyamba m'maso, mokwiya, poganiza kuti akumuyesa wabodza. Pamtondo pempho silikanidwa. Anakweza chibwano, anafinya khosi, n'kuimba ndi mawu opyapyala mmene akanathera:

Si ine, amayi, ndi mphepo.

Abale inu, chimene chinatuluka pakamwa paja! Mawuwo analowa mochedwa, munsi utagwa kale. Anadzera m'mphuno monga mwa masiku onse, ndipo pofika pa "mphepo" anagwera pansi n'kukhala mawu aakulu a Ermelinda, athunthu, osasowa ngakhale chidutswa. Kenaka Dionísia anayesa kudzigwira pakamwa, koma popanda mano akutsogolo kuseka kunapeza njira. Kunaphulika. Mkazi wina anagwetsa lichero, wina anakhala pansi atagwira nthiti, ndipo onse ankaseka misozi ikutsika, ena osadziwa ngati akuseka kapena akulira.

Ermelinda anaimika munsi. "Mukuseka chiyani? Ndikuimba za maliro a mayi anga, inu mukuseka?"

"Linda, mwana wanga," anatero Dionísia akupukuta m'maso, "ameneyo ndiye Dina wakoyo? Ngakhale ine wogontha khutu limodzi sungandinamize. Ndiye unamize Anambewe?"

Bernardina sanaseke. Anapitiriza kugunda yekha, pang'onopang'ono, n'kumaliza yankho lake:

Anambewe ankamva munsi kutsidya,
n'kutchula mwini wake ndi dzina.
Maso anafa, khutu silinafe.
Dzanja analidziwa, mawu anawadziwa.
Zikomo ameneyo tengani, mana,
sanali wanga ndi kale lomwe.

Palibe anavomera. Onse ankayang'ana Ermelinda, amene anaima atatsamira munsi, maso ali kuphiri.

"Amayi ankanjenjemera," anatero potsiriza, ngati akudzilankhulira. "Ndikangoyankha choncho, ankatembenukira kukhoma, mapewa n'kumagwedezeka. Ine ndinkati ndi malungo. Ndinkawafunditsa kapulana yanga, ine n'kugona pamphepo." Anatembenukira kwa Dionísia, maso ali psuu. "Ankandiseka! Mayi ameneyu ankandiseka! Ndipo m'mawa mwake n'kuponyanso nyimbo yomweyo!"

"Nanga kuphiri kuja akanaseka chiyani china?" anatero Dionísia.

Ermelinda anakhala pansi pafumbi, pambali pa mtondo wa mayi ake, n'kulira kulira kumene sanalire tsiku limene anawaika yekha. Akazi anamusiya alire. Bernardina anagwada pafupi naye, osalimba mtima kumukhudza, nayenso akulira, chifukwa anawasowa mayi ake, ndipo anasowa mudzi uja mmene unalili minsi isanaleke kugunda.

Patapita nthawi Ermelinda anamina, n'kuona manja a mng'ono wake ali magazi okhaokha. Anang'amba kansalu m'mphepete mwa kapulana yake ndi mano.

"Bweretsa kuno manja akowo, iwe. Taonani manja ake, ngati a mwana wa sukulu. Ufa wakowo tiphikira alendo a kutali, asadziwe kanthu. Wa amayi tisinja tokha."

Anamumanga zikhatho zonse ziwiri, mothinitsa kuposa mmene zinkafunikira. Kenaka anadzuka, anathira chimanga china mumtondo, n'kumupatsa munsi.

"Funso la amayi ndiziponya ine, ndipo pansi nditsekanso ine," anatero. "Koma mbali yakoyo uziimba wekha, Dina. Ndatopa nako kukuimbira."

Anakweza munsi, n'kuponya za lichero. Bernardina analandira m'mwamba. Ndipo potseka pansi, Ermelinda analowa mochedwa.